Musatumize ndalama za lendi musanaione nyumba

Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, mabasi a pa mseu wa Great East amadzaza ndi ana athu opita ku Lusaka. Wina wapeza malo ku koleji, wina amulonjeza nchito ya ulonda, wina ndi mphunzitsi amene boma lamusamutsa. Pa katundu wao pamakhala bulangeti, mapoto, thumba la ufa, mwinanso nkhuku yomanga miyendo. Cimene ambiri alibe ndi malo okagona akatsika pa Intercity. Ndipo ndalama zolipira malowo tonse tidziwa kumene zicokera: ndi za soya, nshawa ndi cimanga ca makolo.

Mlamu wanga wa ku Katete anagulitsa soya wake yense kuti mwana wake wamkazi akayambe maphunziro a unesi. Mtsikanayo anaona cithunzi ca cipinda cabwino pa intaneti, cokhala ndi simenti pansi ndi mpopi pakhomo. Amene anaika cithunzico anadzicha ejenti. Pafoni anali waulemu kwambiri: "Amai, cipindaci akucifuna anthu ambiri. Tumizani lero ndalama za miyezi itatu, makiyi mwana adzawapeza kwa ine." Mlamu wanga anapita pa kabuthu ka ndalama za pafoni natumiza. Mwana pofika ku Lusaka anapeza nambala ija yotseka. Nyumbayo ilikodi, koma eni ake sanamvepo za ejenti aliyense, ndipo m'cipindamo munali banja la ana atatu. Mtsikanayo anagona usiku uwiri pa benchi ya pa siteshoni atakumbatira cola cake.

Sindinena kuti maejenti onse ndi mbala. Alipo amene amayenda nawe komboni yonse mpaka mapazi kutupa, ndipo ndalama yao amaigwirira nchito. Koma ejenti woona amayamba wakulowetsa m'nyumba, nakuonetsa eni ake maso ndi maso. Amene akufulumizani kutumiza ndalama muli kumudzi, makilomita mazana asanu kutali, ameneyo mumucenjerere ngakhale atachula dzina la mfumu yanu ndi la mpingo wanu.

Akuluakulu amene anagwirako nchito m'tauni kale amadabwa ndi bvutoli, cifukwa nthawi yao munthu ankalembetsa ku kanselo kapena kampani inkamupatsa nyumba. Zimenezo zinatha. Mu 1996, boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za kanselo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo, ndipo nyumba za ku Matero, Chilenje, Libala ndi Kabwata zinapita m'manja mwa eni ake. Amene anagula anasangalala, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma wobwera kumene lero alibe mndandanda wolembetsapo dzina. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu mzinda wa Lusaka, ndipo oculuka a iwo akhala m'makomboni, m'tizipinda timene eni mapuloti amamanga kuseli kwa nyumba zao.

Tsono wokaona nyumba aziyang'ana ciani? Ife alimi tidziwa kuti munda sugulidwa poona udzu wa m'cilimwe. Umafunsa ngati madzi amaima m'dzinja. Nyumba ya ku Lusaka ili cimodzimodzi, ndipo tsoka lake ndi lakuti ana athu amasamuka mu July ndi August, pamene paliponse ndi pouma. Yang'anani khoma ca m'munsi. Ngati pali mzere wakuda wofika m'maondo, madzi ndiwo anaulemba, ngakhale eni nyumba atalumbira motani. Ngati pakhomo pamangidwa kakhoma koti muzidumpha polowa, sikokongoletsa ai. Funsani amai ogulitsa tomato pamseu, iwo alibe cifukwa cokunamizani.

Nkhani ya madziyi si ya kunyowa kwa matilesi cabe. Madera ngati Kanyama ali pa thanthwe lafulati, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikaculuka zimbudzi zokumba zimasefukira, zonyansa nkulowa m'zitsime zosazama zimene anthu amatungako. Kolera ya mu October 2017 inayambira ku Chipata, ndikunena komboni ya ku Lusaka osati Chipata yathu ya kum'mawa, nifalikira ku Kanyama. Ya mu 2023 ndi 2024 inaposa pamenepo: bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka February, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. M'makomboniwa mukhala anthu abwino, abale athu enieni, ndipo wosauka sasankha zambiri. Komabe pa zipinda ziwiri za mtengo umodzi, tengani cimene cili ndi madzi a pampopi pafupi, ndipo muwerenge mabanja ogwiritsa nchito cimbudzi cimodzi. Ngakhale muone ngati ncamanyazi, lowani m'cimbudzimo muone.

Magetsi nawo amayambanitsa anthu. Pa puloti imodzi pamakhala mita imodzi, mabanja asanu, ndipo wina ali ndi citofu ndi furiji pamene inu muli ndi babu limodzi. Funsani musanalowe kuti mayuniti mumasonkherana bwanji. Muwerengenso ndalama za minibasi. Cipinda cochipa cofuna mabasi awiri kupita ndi awiri kubwera cimadya zambiri kuposa codula cimene mwana angayende pansi.

Cinthu cimene anthu athu amaciopa koposa ndi pepala. Timaona ngati kupempha lisiti ndi kunyoza munthu wamkulu. Koma pogulitsa cimanga timalandira lisiti, nanga bwanji popereka ndalama zomwezo? Kabuku ka sukulu nkokwanira. Mulembemo lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, dipoziti ndi mmene idzabwerere, ndi amene adzakonza denga likadontha. Eni nyumba asaine, inu musaine, mboni isaine, ndipo mwezi uliwonse azilembamo polandira ndalama. Dziwaninso kuti lilipo lamulo la lendi, Rent Act, la mu 1972. Mwini nyumba wofuna kucotsa munthu ayenera kupita ku khoti. Kuzula citseko kapena kutaya katundu panja si njira ya lamulo, ngakhale ambiri amacita zimenezo podziwa kuti wakumudzi sadzayankha.

Ena adzati, bwanji mwana asangofikira kwa amalume ake ku Mtendere? Afikire ndithu, koma muyambe mwagwirizana masiku, ndipo anyamule ufa ndi nyemba. Amalumewo ali m'zipinda ziwiri ndi ana ao, amagula makala ndi madzi omwe. Sabata ziwiri zofunira nyumba aliyense angapirire. Miyezi isanu ndi umodzi yathetsa cibale m'mabanja ambiri amene ine ndiwadziwa.

Apa ndiye ndili ndi mau ndi mipingo yathu. Mkhristu akamasamuka timamulembera kalata yopita nayo ku mpingo wa kumene akupita, koma kalatayo imagona m'cola mpaka tsiku lofuna ubatizo wa mwana kapena ukwati. Bwanji osayamba ndi foni mwezi wathunthu munthu asananyamuke? Palibe komboni ku Lusaka yopanda Akatolika, a Reformed Church kapena a mpingo wina wa kwathu kuno, ndipo m'magulu ao muli eni nyumba, muli amai odziwa puloti iliyonse ndi mbiri yake. Mkulu wa mpingo mmodzi atapita kukaima m'cipinda cija, soya wa mlamu wanga sakanapita kwa munthu wosadziwika nkhope. Mtsikanayo amene anamucotsa pa siteshoni ndi mai wina wa cigwirizano amene anamumva akulira m'Cicewa ca ku Katete, ndipo ndi mai yemweyo amene anamupezera cipinda ku Chawama patapita masiku anai.

Lamulungu likubwerali, pa nthawi ya zolengeza, alembi a mpingo afunse kuti ndani ali ndi mwana wopita m'tauni caka cino, ndipo alembe maina ndi komboni imene akupita.