Helikoputa Ikatsala ku Nkhondo, Mlandu Ngwa Yani?

Anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, umene utsika kuchokera ku mapiri a ku Ntcheu ndi kupyola m'boma la Balaka kufikira utathira mu Shire, adziwa bwino chimene chichitika njira za pansi zikaduka. M'chaka cha 2003 madzi anakokolola mlatho wa njanji pa mtsinje umenewu, ndipo sitima zopita ku Salima ndi ku Lilongwe zinaima nthawi yaitali. M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anaononga maboma a kum'mwera, ndi Machinga yemwe, kunali midzi imene galimoto silikanafikako, ndipo anansi athu a ku Tanzania ndi a ku Zambia anatitumizira mahelikoputa kudzathandiza. Chotero munthu wa kuno akamva kuti asilikari ena pochoka ku nkhondo asiya ndege zotere pa bwalo, mtima umuwawa, nafunsa kuti: kodi chinthu chimene ife tichita kupempha kwa anansi, ena angochisiya m'dziko la eni? Funso limeneli nloyenera, ndipo tifuna kuliyankha mosapsatira.

Nkhaniyi siiri kutali ndi ife. M'mwezi wa Disembala 2023 maiko a SADC anayamba kutumiza asilikari a Malawi, Tanzania ndi South Africa kum'mawa kwa dziko la Congo kukathandiza Boma la kumeneko kulimbana ndi gulu la M23. M'mwezi wa Januwale 2025 nkhondo inakula ku Sake ndi ku Goma. Asilikari athu 3 anaphedwa, a ku South Africa anaphedwa 14, ndipo pa 27 Januwale a M23 analowa mu mzinda wa Goma. Pa 5 Febuluwale Dr Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, analamula kuti asilikari athu akonzekere kubwerera, ndipo pa 13 Malichi atsogoleri a SADC anagwirizana kuti nchitoyo ithe. Koma bwalo la ndege la Goma linali lotsekedwa ndipo linali m'manja mwa a M23. Ulendo wobwerera unayamba pa 29 Epulo, pa msewu, kupyola m'dziko la Rwanda kufikira ku Chato, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania.

Ndege zimene anthu anakangana nazo pambuyo pake zinali za South Africa, za mtundu wa Oryx, zimene zinkagwira nchito pansi pa bungwe la United Nations. Imodzi inaomberedwa zipolopolo zambiri m'mwezi wa Febuluwale 2024, ndipo ngakhale oyendetsa anaifikitsa ku Goma, inakhala pomwepo yosauluka kufikira mzindawo unagwa. M'mwezi wa Ogasiti 2025 manyuzipepala a ku South Africa analemba kuti mahelikoputa angapo anatsalira ku Congo asilikari a SADC atachoka. Akulu a nkhondo a dzikolo anakana kuti sanawataye, nanena kuti anali kuwayang'anira. Ife sitiweruza mlandu wa eni. Chimene tiona nchakuti ngakhale dziko limene linapanga lokha ndege zimenezi linabvutika kuzibweza kwao.

Tiyeni tione chifukwa chake ndege zotere zitsala. Helikoputa iri ndi zitsulo zambiri zozungulira, ndipo chiri chonse chiri ndi maola ake owerengeka. Maolawo akakwana, chitsulocho chiyenera kuchotsedwa ngakhale chioneke chabwino. Ifuna mafuta ake ake osefedwa bwino, ifuna amakaniko ophunzira zaka zambiri, ndiponso ifuna zipangizo zochokera ku fakitale imene iri kutali. Chimodzi cha izi chikasowa, ndegeyo ikhala pansi monga thirakitala lopanda gudumu. Kuti yoonongeka ichoke, amisiri ayenera kumasula mapiko ake ndi kuilowetsa m'mimba mwa ndege yaikulu yonyamula katundu, kapena kuikweza pa lole yaitali. Ndege yaikuluyo ifuna bwalo lotsegula, ndipo loleyo ifuna msewu wopanda adani. Ku Goma zonse ziwiri zinali m'manja mwa ena.

Maiko akulu ndi olemera anakomana nalo kale bvuto limeneli. Pa 29 ndi pa 30 Epulo 1975, pamene mzinda wa Saigon unali kugwa, mahelikoputa a America anachotsa anthu oposa 7,000 kupita nao ku zombo za nkhondo pa nyanja. Malo otera atachepa, amalinyero anakankhira mahelikoputa ena m'madzi kuti ena odzala ndi anthu apeze potera. Pa 30 Ogasiti 2021, pochoka ku Kabul, asilikari a America anasiya ndege 73 pa bwalo, zina mwa izo mahelikoputa, ndipo mkulu wao General Kenneth McKenzie ananena kuti anaziononga kuti zisadzaulukenso. Koma m'mwezi wa Epulo 1980 zinthu zinayenda mwina. Mahelikoputa 8 anatumidwa ku chipululu cha Iran kukapulumutsa anthu a America ogwidwa ku Tehran. Ena anaonongeka panjira, imodzi inaombana ndi ndege inzake ndipo asilikari 8 anafa, ndipo otsalawo anathawa mofulumira, nasiya mahelikoputa 5 osaonongedwa, pamodzi ndi mapepala a chinsinsi m'kati mwake.

Pa zitsanzo izi ife tinena poyera kuti mkulu wa nkhondo amene asiya chitsulo kuti apulumutse anthu ake sanalakwe. Ndege igulidwa ndi ndalama, ndipo ndalama zipezekanso chaka china. Koma mai wa ku Utale kapena wa ku Nsanama amene mwana wake wagwa polondera ndege yosauluka sadzatonthozedwa ndi mau akuti katundu wa Boma wasungika. Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dziko lathu lidziwa kale kumene kuli ulemu wa msilikari. M'mwezi wa Novembala 2018, pafupi ndi Beni, asilikari athu 6 anaphedwa, ndipo mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anafa ali kupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wobvulala. M'chaka cha 2019 bungwe la United Nations linamlemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Iye anabwerera pakati pa zipolopolo chifukwa cha munthu, ndipo ndicho tikumbukira dzina lake.

Komatu tikatero sitinamalize mlandu. Ngati msilikari wa tsiku lomaliza alibe chifukwa, tiyenera kuyang'ana kwa amene anakhala pa mpando tsiku loyamba. Helikoputa yotsala pa bwalo ndi umboni wa funso limene silinafunsidwe pa nthawi yake, ndilo lakuti: zikabvuta, tidzaturuka bwanji? Yense woyang'ana mapu aona kuti Goma ali pakati pa nyanja ya Kivu kum'mwera, phiri la moto la Nyiragongo kumpoto, ndi malire a Rwanda kum'mawa. Msewu wa ku Sake ukatsekedwa ndipo bwalo la ndege likalandidwa, patsala chipata chimodzi chokha, ndicho cha dziko limene akatswiri a United Nations analinena kuti lithandiza a M23. Ndiponso m'chaka cha 2013, pamene asilikari a maiko atatu omwewa anagonjetsa a M23, anali ndi mahelikoputa a nkhondo a Rooivalk owateteza kumwamba. Pa nkhondo ya Januwale 2025 chitetezo chotere panalibe.

Akulu a ku Balaka ndi ku Machinga akumbukira ulendo wina. Kuyambira m'chaka cha 1987 asilikari athu anatumidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala, imene ipatuka pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde ndi kuturuka m'dziko pa Nayuchi. Nchitoyo inali yoopsa, ndipo ena sanabwerere. Koma njanji imene anali kuilondera inali yomweyo yowabwezera kwao, ndipo malire a dziko lao anali kumbuyo kwao. Msilikari wa ku Goma anali ndi maiko ena pakati pa iye ndi mudzi wake. Ulendo ukatalika chotero, njira yobwerera iyenera kukonzedwa ndi mapangano olembedwa anthu asananyamuke.

Ena adzati: kodi kukamba za kubwerera nkhondo isanayambe sikufooketsa asilikari? Ife tikana. Msodzi wa pa nyanja ya Chirwa ayang'ana mitambo ndi kudziwa doko loyandikira asanakankhe bwato, ndipo palibe amene amunena wamantha. Msilikari wodziwa kuti akabvulala pali ndege yomnyamula, ndipo kuti zikabvuta pali njira yotsegula, amenya nkhondo ndi mtima wokhazikika. Chotero tipempha kuti nthawi ina iri yonse anansi kapena mabungwe akulu akadzapempha asilikari athu, Boma ndi Nyumba ya Malamulo zidzayambe zafunsa mafunso anai. Ndani adzateteza anyamata ndi atsikana athu kumwamba? Ndani adzalipira amakaniko, mafuta ndi zipangizo kufikira tsiku lomaliza? Bwalo loyamba likatsekedwa, lachiwiri liri kuti? Ndipo chinthu chikalephera kunyamulidwa, ndani ali ndi mphamvu yolamula kuti chionongedwe ndi mapepala ake atenthedwe? Malawi asaleke kuthandiza pa nchito ya mtendere, pakuti mbiri yake pa nchito imeneyi njabwino. Koma walira mvula walira matope.

Awerengi athu ambiri ndinu akalaliki a m'maofesi a Boma ndi aphunzitsi, ndipo mwina muganiza kuti nkhaniyi nja asilikari okha. Yense wa ife anaonapo galimoto la Boma litakhala pa miyala kuseri kwa ofesi, udzu utamera pansi pake, chifukwa pogula palibe anawerengera mtengo wa kulikonza. Nthenda yake njomweyo imene iumitsa helikoputa pa bwalo la nkhondo. Inu amene mulemba mapepala a ndalama za chaka, musalole kuti mzere wa zokonzera ukhale woyamba kufufutidwa. Ndipo inu aphunzitsi, mwana akadzakuuzani kuti afuna kudzayendetsa ndege, mumlimbikitse. Koma mumlimbikitsenso mnzake uja wokonda kumasula njinga, pakuti tsiku limene Rivirivi adzasefukiranso, ndegeyo idzauluka pokha pokha ngati makaniko wake alipo ndipo zitsulo zake ziri m'sitolo.