Moto wa Mapesi Suotha Usiku Wonse

Abale a m'midzi ya Mulanje, tiri ndi mlandu umene sitingaubisenso. Ciyambire namondwe wa Freddy, amene anagumula mapiri nakokolola midzi m'mwezi wa March 2023, tiona anyamata athu, ena obatizidwa m'Eklesia mwathu momwe, akufunafuna mtendere m'utsi wa camba. Tikawafunsa ayankha kuti: Fodya wamkuruyu atitsegula maso, natiiwalitsa maliro, ndipo Boma lomwe linaloleza.

Tiyankhe za Boma poyamba. Lamulo la 2020 linalola kulima camba ca mankhwala ndi ca luzi, kwa iwo okha okhala ndi cilolezo. Kusuta silinalola iai.

Nanga mtenderewo? Sitikana kuti wakusuta amva kupepuka. Mphamvu ya utsiwo ilowa m'mwazi popyola m'mapapu, nifika msanga ku ubongo, nikhala maora awiri kapena atatu, nitha. Pamenepo munthu apeza manda ali pomwepo, ngongole iri pomwepo, mtima uli wolema monga kale. Thupi lizolowera, nilifuna utsi wocuruka. Ndipo woyamba akali mwana, nasuta masiku onse, ayandikira nthenda ya misala koposa anzace. Umenewo ndi moto wa mapesi: uyaka msanga, nukusiya m'cisanu pakati pa usiku.

Kulingalira pamaso pa Mulungu kuli kwina. Kufanana ndi tiyi wa m'minda yathu, amene wobzala amdikira zaka zitatu asanathyole masamba, koma mtengo womwewo upatsa kufikira adzukulu. Kumbukirani Eliya pa phiri la Horebu, wotopa ndi wofuna kufa. Inapita mphepo, cinapita cibvomezi, unapita moto. Koma Mulungu analankhula naye zonsezo zitaleka. Cisoni cace sicinaphimbidwa, koma anacinena kwa Mulungu, napatsidwa nchito, nabwerera.

Koma ife akuru tisadziyese olungama. Ana awa tawadzudzula kawirikawiri. Tinawaphunzitsa liti kudekha? Mapemphero athu acuruka mau, ndipo wolira sapezamo malo a kupuma. Ngati sitimuonetsa njira yabwino, wogulitsa camba adzamuonetsa yace.

Cifukwa cace tinena: mbanda kuca, musanagwire khasu, khalani pansi kanthawi osalankhula. Werengani ndime imodzi ya Masalmo, nimuibwereze mumtima pang'onopang'ono. Maganizo akathawira ku munda kapena ku ngongole, muwabweze osadzikwiyira. Sabata loyamba mudzayesa kuti mwataya nthawi cabe. Limbikani, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Itanani mnyamata mmodzi akhale nanu, osamtonza. Ndipo iye amene camba camgwira kale, kapena mutu wayamba kusokonezeka, mumperekeze ku cipatala. Pakuti pemphero silidana ndi mankhwala.

Abale, mwana wa mnansi wanu akusuta kuseri kwa nkhokwe madzulo ano. Ndani wa ife adzamuitana mamawa?