CHENJEZO: Mukauzidwa kuti mutuluke, tulukani

Kutseka ofesi ya boma, kujejemetsa malonda a munthu, kapena kukakamira pamalo mwini wake atakuuzani kuti muchoke ndi mlandu m'Malawi muno. Mlanduwu umatha kukugonetsani kundende ngakhale dandaulo lanu litakhala lomveka.

Taganizani za bambo amene wayenda maulendo anayi kukalondola ndalama zake, yankho n'kumangokhala lakuti "mubwere mawa". Ulendo wachisanu mtima wamuwawa, waitana anzake, amanga unyolo pageti n'kukhala pansi kuti sachoka. Kalaliki ali m'kati, watsekeredwa. Mayi wobereka mwana kumbuyo, amene walawirira kudzasainitsa chikalata, waima padzuwa kunja kwa mpanda. Bamboyu anadzuka ali wodandaula, koma apolisi akafika amene akwere galimoto yawo ndi iyeyo.

Gawo 314 la malamulo a milandu, Penal Code, likunena kuti aliyense wolowa pamalo a wina ndi cholinga choopseza, kunyoza kapena kusowetsa mtendere mwini malowo wapalamula. Gawo lomwelo likukhudzanso munthu amene analowa bwinobwino, monga kasitomala m'sitolo, koma kenako n'kukakamira pomwepo ndi cholinga chomwecho. Chilango chake chimafika miyezi 3 kundende, ndipo chimakwera mpaka miyezi 12 ngati malowo ndi nyumba yogonamo anthu, nyumba yopemphereramo kapena mosungira katundu. Mukaswa zenera kapena kuthyola chitseko, mwawonjezera mlandu wowononga katundu mwadala pansi pa gawo 344, umene ndi wolemera kuposa woyambawo.

Ufulu wochita zionetsero ulipo ndithu. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limalola anthu kusonkhana ndi kuonetsa kusakondwa kwawo mwabata komanso opanda zida. Koma lamulo la apolisi, Police Act, limafuna kuti okonza zionetsero kapena m'bindikiro adziwitse bwanamkubwa wa boma lawo kutatsala maola osachepera 48. Limanenanso kuti katundu akawonongeka, okonzawo angathe kulipitsidwa. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika pa zionetsero za pa 20 July 2011, komanso masitolo amene anaswedwa ku Lilongwe ndi ku Mzuzu m'chaka cha 2019 chisankho chitatha. Ambiri amene analira anali anthu wamba ochita malonda kuti adyetse ana awo.

Njira zodandaulira zilipo. Ngati ofesi ya boma ikukuzunguzani, pitani kwa Ombudsman. Ngati ndi nkhani ya malipiro kapena kuchotsedwa ntchito, yambani ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, zikakanika mupite ku khoti la milandu ya apantchito. Ngati sitolo yakugulitsani katundu wachinyengo, sungani lisiti lanu mukadandaule ku bungwe loteteza ogula la CFTC. Lembani kalata, lembani tsiku, musunge kope lanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo, langizani anyamata anu asamangotsatira khamu pomwe sakudziwa chimene chavuta, chifukwa kukhoti aliyense amayankha yekha. Atsogoleri a magulu, musatengere anthu anu m'mavuto amene inu mukuwadziwa kale.

Mwini malo, mlonda kapena wapolisi akakuuzani kuti mutuluke, tulukani mwaulemu, mukadandaule koyenera. Ana anu akukudikirani kunyumba.