Nthaka ya ku Salima Inachokera Kuti?

Mwezi uno tiyeni ticheze za chinthu chimene timachiponda tsiku ndi tsiku osachiganizira konse, ndicho nthaka. Abale athu a m'mbali mwa nyanja ku Salima amalimapo thonje, mpunga, chimanga ndi chinangwa, ndipo ambiri a ife timayesa kuti nthaka ili chikhalire monga tinaipezera. Iai, nthaka imabadwa, imakula, ndipo ikhoza kutha.

Make wa nthaka ndiye mwala. Taonani matanthwe a m'mapiri a ku Senga Bay. M'mwezi wa Okutobala dzuŵa limaatentha kotero kuti munthu sangapondepo wopanda nsapato, koma usiku amazizira. Kutentha ndi kuzizira kumeneku kumang'amba thanthwe pang'onopang'ono. Mvula ikagwa madzi amaloŵa m'ming'alu ija nasungunula zina za m'kati mwake, ndipo mizu ya mitengo imatsatira ndi kukuza mng'aluwo. Potsiriza thanthwe limafumbutuka: zolimba zimasanduka mchenga, zofeŵa zimasanduka dongo. Komabe mchenga ndi dongo pazokha sizibala chakudya. Pafunika masamba oola, mizu yakufa ndi ndowe, ndiponso chiswe ndi nyongolotsi zosakaniza zonsezi. Ntchitoyi njochedwa kwambiri: nthaka yakuya masentimita aŵiri kapena atatu okha ikhoza kutenga zaka 1,000 kuti ipangike.

Amene anakumbako chitsime kapena chimbudzi anaona kuti nthaka ili ndi magawo osanjikizana. Pamwamba pali gawo loderako ndi lofeŵa, modzaza timizu. M'menemo ndimo muli chonde. Pansi pake pali gawo lolimba, loŵalirako kapena lofiirira, m'mene mumakhazikika dongo lotsika ndi madzi a mvula. Kupitirira apo mumapeza miyala yofumbutuka, ndipo pansi penipeni thanthwe lomwe. Katswiri wa ku Russia, Vasily Dokuchaev, amene anasindikiza buku lake la nthaka yakuda ya kwao m'chaka cha 1883, ndiye anaphunzitsa kuti magawo ameneŵa amapangika potsata mtundu wa mwala, nyengo, zamoyo, kakhalidwe ka malo ndi utali wa nthaŵi.

Nthaka ya ku Salima ili ndi mbiri yakeyake. Katondo wa ku Lilongwe anapangika pomwepo, pamwamba pa mwala umene unam'bala. Koma Salima ali m'chigwa, pakuti nyanja ya Malaŵi ili pa mamita ngati 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe apitirira mamita 1,000. Chotero nthaka yambiri ya m'chigwamo njobwera. Mitsinje monga Linthipe, Lilongwe amene amathira mwa Linthipe, ndi Lifidzi, yakhala ikusenza dothi kumtunda ndi kulitula kumunsi kwa zaka zosaŵerengeka. Nchifukwa chake pokumba pafupi ndi mtsinje mumaona mchenga, kenaka dongo, kenaka mchenganso: mzere uliwonse ndi mboni ya kusefukira kwa madzi kwa chaka china chakale. Kugombe mafunde anaunjika mchenga, kumene chinangwa chimapirira. M'madambo madzi odekha anasiya makande akuda, ong'ambika m'chilimwe ndi onyata m'dzinja, amene amasunga madzi; mpunga, monga wa ku Lifuwu, umakonda malo otere.

Tsono wina angati, "Ngati mitsinje imatibweretsera nthaka, tidandaulirenji?" Kale madzi anali kutsika mofatsa, chifukwa mapiri anali ovala mitengo. Lero nkhalango zatha m'malo ambiri, ndipo madzi amatsika mwaukali, nagumula magombe ndi kukwirira minda ndi mchenga wosabala. Kafukufuku wa bungwe la FAO anapeza kuti m'chaka cha 2014 hekitala iliyonse m'Malaŵi inataya nthaka yokwana matani 29, tikagaŵa mofanana dziko lonse. Imene imayamba kupita ndi ya pamwamba ija, ya chonde. M'mwezi wa Januwale Linthipe amafiira ndi dothi la m'minda ya anthu, ndipo matope ake amafika kuzilumba za Maleri, nakuta miyala imene nsomba za mbuna zimadyapo ndere. Mlimi ataya, msodzi atayanso.

Nanga banja lichitenji? Musatenthe mapesi mutakolola. Akwirireni kapena ayaleni m'munda kuti aole, pakuti ndicho chakudya cha gawo la pamwamba. Thirani manyowa. Pamalo otsetsereka pingasani mizere ndi kubzala udzu wa vetiva. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Lekani bango ndi mitengo zigwire gombe. Ndipo musadule nsangu, mtengo wodziŵika bwino m'chigwa cha Salima, umene umayoyola masamba m'dzinja, nunenepetsa nthaka popanda kutchingira chimanga dzuŵa.

Makolo, tsiku lina pokumba dzenje muitane ana, muwaonetse magawo a nthaka, ndipo apime ndi dzanja kuya kwa gawo lakuda lija. Adzaona okha kuti nsima yao yonse imachokera m'kagawo kochepa ndithu. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Nthakanso ikaloŵa m'nyanja sibwerera kumunda.