Ng'amba ndi kaufiti: zimene zimachitika m'kati mwa chimanga chathu

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2024, amene adali mtsogoleri wa dziko lino, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi kaamba ka ng'amba imene idadza ndi El Niño. Ambirife tidaona chimanga chitapinda masamba dzuwa lili paliwombo, ndipo tidangoti chafota. Koma akatswiri a zaulimi akutiuza kuti mbewu ikamatero imakhala ikudziteteza.

Monga momwe ziliri m'thupi la munthu, mbewu nazo zili ndi mahomoni, timadzi tochepa kwambiri timene timanyamula uthenga kuchokera ku mbali ina ya chomera kupita ku inzake. Nthaka ikauma, homoni yotchedwa abscisic acid, imene idadziwika m'zaka za m'ma 1960, imachuluka ndi kutseka timabowo ta pamasamba kuti madzi asatuluke. Tsoka lake nlakuti timabowo tomweto ndi timene mpweya wopangira chakudya umalowera. Choncho mbewu imapulumuka koma imaleka kukula, ndipo izi zikachitika pamene chimanga chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, chisononkho chimatsala ndi njere zowerengeka. Nchifukwa chake ng'amba ya masabata awiri kapena atatu m'mwezi wa Febuluwale imatha kutisiya ndi nkhokwe zopanda kanthu.

Nkhani ya kaufiti ndi yodabwitsa koposa. Nthaka ikaguga, makamaka ikasowa fosifolasi, mizu ya chimanga imatulutsa mahomoni otchedwa strigolactone. M'chaka cha 2005 akatswiri a ku Japan adapeza kuti uwu ndi uthenga woitana tizamoyo ta mtundu wa bowa timene timathandiza mizu kupeza chakudya. Koma njere za kaufiti, zimene zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi, zimamvanso uthengawo. Zikaumva zimamera, kudziphatika ku mizu ndi kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Mbewu imaitana bwenzi koma amene amabwera ndi mdani.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza. Mlimi amene walephera kugula feteleza amapwetekeka pawiri: chimanga chake chimakhala ndi njala, ndipo njalayo ndi imene imadzutsa kaufiti. Kaufiti si maula kapena ntchito ya munthu wa kaduka, koma chizindikiro chakuti nthaka yatopa.

Nanga tichitenji? Poyamba, tithire manyowa ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti chinyontho chikhalitse. Chachiwiri, tichite kasinthasintha wa mbewu. Mizu ya soya ndi thonje imameretsa njere za kaufiti wa chimanga, koma iye sangathe kuyamwa pa mizuyo, motero amafa. Chachitatu, tizule kaufiti asanachite maluwa, pakuti tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi. Chachinayi, tifunse alangizi za mitundu ya chimanga yopirira ng'amba, monga ZM 309 ndi ZM 523, imene idavomerezedwa m'dziko muno m'chaka cha 2009.

Tiyenera kuvomereza kuti palibe homoni imene ingalowe m'malo mwa mvula. Ng'amba ikafika poipa, ngakhale mbewu yopirira imagonja, ndipo boma silingazembe udindo wake wokweza ulimi wothirira ndi kutumiza alangizi okwanira m'midzi. Komabe zimene tatchulazi zili m'manja mwathu, ndipo nthawi yoziyamba ndi pokonza munda, mvula isanagwe.