Chainsaw ifela m'thengo, cipatala cake cili mu tauni

Lolemba m'mawa, mu basi yocokela ku Chelstone kubwela ku Kulima Tower, munabuka mkangano cifukwa ca saka. Mdala wina anakwela ndi saka ya unga, koma unga munalibe. Kukamwa kwa sakayo kunatulukila citsulo cacitali cokulunga m'nsanza, ndipo basi yonse inayamba kununkha petulo.

"Ba mdala, aka kakatundu kalipila mpando," anatelo kondakita.

"Mwana wanga, uyu ni wodwala. Nimupeleka ku cipatala," mdala anayankha, saka ili pamiyendo ngati khanda.

Tonse tinaseka. Ine ndinakhala naye mpando umodzi, conco ndinafunsa za wodwalayo. Inali chainsaw. Mdalayu amaceka mapulanga a mukwa ca ku Nyimba, makilomita oposa 300 kucoka mu Lusaka, ndipo lole inamusiya pa Chelstone usiku. Mashini inazima ili pakati pa cipika, ndipo aka kanali kaciwili m'miyezi itatu. Kumudzi anasiya anyamata awili omuthandiza ali khale, mwini ngolo ya ng'ombe akuyembekeza, komanso wogula wa ku Buseko amene anapeleka kale ndalama ya patsogolo. Ndalama imene anagulila mashiniyo inali ya kaloba.

"Kaloba siidziwa kuti mashini yafa," anandiuza. Apa sanaseke.

Mwina mukuti, ise a mu tauni citikhudza ciani? Yang'anani citseko ca nyumba imene mucita lendi, bedi imene munagula ku Kalingalinga kapena ku Garden, desiki ya mwana ku sukulu, ngakhale bokosi la malilo. Paini yambili ya pa mitenje imacokela ku minda ya ZAFFICO ku Copperbelt, koma mitengo yolimba monga mukwa imacokela m'thengo, ndipo pulanga iliyonse inayamba ndi munthu wogwila chainsaw. Tsiku lililonse limene mashini yake yakhala cabe, wina ayenela kulilipila. Ndalama imeneyo imayenda ndi pulanga mpaka pa Lumumba Road, kalipentala amaiika pa bedi, inu n'kuitulutsa m'thumba.

Ndiye mfundo yanga ndi iyi: mtengo weniweni wa chainsaw si uja wolembedwa pa shelefu. Ndi masiku amene idzakhala yakufa, ndi mtunda wocoka pomwe yafela kufika pomwe pali sipeya ndi makanika woidziwa. Pa mtunda umenewu ndi pomwe oceka athu akugwela.

Tiyambe ndi cimene cimapha mashini. Injini ya chainsaw siili ngati ya basi, ilibe posungila oilo. Oilo imasakanizidwa ndi petulo, ndipo makampani akulu monga Stihl ya ku Germany ndi Husqvarna ya ku Sweden amati muyeso ukhale 50 kwa 1 ngati oiloyo ndi yabwino. Ndiye kuti mamililita 100 a oilo pa malita 5 a petulo. Injini zambili za masiku ano zimazungulila koposa 10,000 pa mphindi imodzi. Mukacepetsa oilo, kapena mukathila ya mtundu wina, pisitoni imatentha, imakanda silinda, mashini n'kuzima. Zimenezi sizitenga mwezi, zingacitike m'mawa umodzi.

Manje ganizani munthu ali m'thengo. A ERB amalengeza mtengo wa mafuta mwezi uliwonse, ndipo petulo ikafika kumudzi m'zigubu imakhala itakwela kale, mwinanso itakhalitsa kapena italowa fumbi. Woceka amayamba kupima oilo ndi maso. Pa cheni, m'malo mwa oilo yake, amathila yakuda yocoka m'magalimoto, imene ili ndi tuzitsulo tomwe timadya pampu ndi citsulo coyendapo cheni. Akuganiza kuti wasunga ndalama, pamene wangoikankhila kwa makanika.

Cinanso, nchito imene timapatsa mashini kuno ndi yolemela. Kugwetsa mtengo ndi kuudula cam'mbali ndi nchito ya mphindi zocepa. Koma kung'amba cipika mu utali kuti mutuluke mapulanga kumafuna injini ilile pamwamba nthawi yaitali, ndipo utuci wake ndi wosalala ngati unga, umatseka sefa ya mpweya msanga. Cheni yodulila imanoledwa pa madigili 30 kapena pafupi napo, pamene yong'ambila imafuna pafupifupi 10. Ndinafunsa mdala ngati wina anamuuzapo zimenezi pogula. Anapukusa mutu. "Ananipatsa cabe mashini na spanala."

Apa tafika pa nkhani ya gong'a. Zungulilani mashopu a mu tauni, mudzaona ma chainsaw a mtundu ndi maonekedwe ofanana ndi a makampani odziwika, koma pa mtengo woti munthu wa kaloba sangaukane. Si mashini iliyonse yochipa imene ndi yabodza, ena amagulitsa dzina lawolawo poyela. Vuto ndi ija yovala dzina la wina. Ikafa, wogulitsa wovomelezeka amayang'ana nambala ya pa injini n'kukuuzani kuti si yawo. Kumene munagula amakuuzani kuti munaiononga nokha. Ndipo ngozi si ya ndalama cabe. Nsonga ya cheni ikagunda cinthu, mashini imadumphila kumaso, ndipo cimene cimaimitsa cheni ndi buleki ija ya kutsogolo kwa dzanja. Pa gong'a palibe amene angakulonjezeni kuti idzagwila.

Koma tisathile mlandu wonse pa ogula. Ndinapelekeza mdala pa shopu ina imene amati ndi ya zenizeni. Anatilandila bwino, mnyamata anatsegula mashini, anationetsa pisitoni yokandika. Kenaka anati sipeyayo kulibe, tiyembekeze milungu iwili kapena itatu. Kunja, munthu wina anatitsatila akunong'ona kuti ali nayo yofanana, angaiike lelo lomwe. Mukanakhala inu, anyamata ali ndi njala ku Nyimba, mukanasankha iti? Umu ndi mmene mashini yeniyeni imasandukila gong'a, sipeya imodzi imodzi.

Wogulitsa nayenso ali ndi yankho lake, ndipo si lopusa. Masipeya amacokela kunja, amagulidwa ndi madola. Kusunga pisitoni, kabuleta ndi kilachi ya mashini iliyonse pa shelefu ndi kutsekela ndalama m'kabati pomwe kwacha ikusintha. Kutsegula nthambi ku boma lakutali kumafuna lendi ndi makanika wa pa malipilo. Ndamva. Koma amene akugulitsa mashini ya nchito akugulitsanso lonjezo lakuti idzagwila nchito. Ngati lonjezolo lithela pa kaunta, asadabwe makasitomala akathawila kwa wonong'ona panja.

Boma nalo lili ndi mbali. Lamulo la nkhalango, Forests Act ya 2015, limafuna kuti wodula mitengo ya malonda akhale ndi cilolezo, ndipo ponyamula mapulanga akhale ndi cikalata cake. Cilolezo cili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo imayenda ngakhale mashini ili mu saka. Munthu amene walipila zonse, wataya milungu itatu, kaloba ili pakhosi, ndiye amayamba kuyang'ana mitengo ya kunja kwa malile ake. Tinaona zimene zinacitikila mukula, mpaka mu 2019 unalowa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yofunika kuyang'anilidwa pa malonda a pakati pa maiko. Sindikunena kuti pisitoni ndiyo inatha mukula. Ndikunena kuti woceka wotsatila lamulo akamaluza nthawi zonse, amene amatsala m'thengo ndi uja wosasamala lamulo, wogula mashini yochipa, kuceka usiku, ikafa n'kuitaya.

Nanga cingacitike ciani? Kucokela mu 2022, pamene CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, acinyamata ambili alowa maphunzilo a nchito zamanja. Ambili athamangila utelala, magetsi ndi kuyendetsa mathilaki. Kukonza injini zing'onozing'ono n'kocepa mbili, koma makanika mmodzi wodziwa chainsaw angakonzenso pampu ya madzi ndi jenaleta, zimene zinaculuka mu lodishedi ya 2024. Tili ndi TEVETA, tili ndi Zambia Forestry College ku Mwekera, pafupi ndi Kitwe. Makomiti a CDF m'maboma a mitengo angapemphe maphunzilo aafupi otele, ndipo ogulitsa angapatse omaliza bokosi la masipeya ofa kawilikawili kuti agulitse m'dzina lawo. Si nthambi yonse, ndi benchi imodzi pa boma.

Kwa inu amene mufuna kugulila mng'ono wanu mashini kuti ayambe bizinesi kumudzi, funsani zinayi musanatulutse ndalama. Kodi nambala ya pa injini ilembedwa pa lisiti? Walanti ndi ya miyezi ingati kwa munthu woceka tsiku lililonse, popeza makampani ambili amaifupikitsa pa mashini ya nchito? Pisitoni, cheni ndi sefa zilipo pa shelefu lelo? Makanika wawo ali kuti? Mukaona cikwangwani cakuti katundu sabwezedwa, dziwani kuti lamulo loteteza ogula la 2010, limene a CCPC amayang'anila, limaletsa zikwangwani zotele. Ndipo pa ndalamayo musiyeko ya tupa, cheni yaciwili, kapimilo ka oilo, cipewa colimba ndi zotseka m'makutu.

Mdala anasankha kuyembekeza sipeya yeniyeni. Anasiya mashini, anatenga kapepala, anapinda saka yake n'kuiika m'khwapa. Anati adzagona kwa mphwake ku Matero, mawa apite ku Buseko akapemphe wogula uja aleze mtima.

"Nanga anyamata kumudzi, ba mdala?" ndinafunsa.

"Bazayamba kuocha malasha," anatelo. "Nkhwangwa siifuna sipeya."