Malungo saweruka 4 koloko

Ndani adauza malungo kuti aziweruka 4 koloko madzulo? Ndani adapangana ndi kolera kuti Loweruka masana azikapuma mpaka Lolemba? Palibe. Koma zipatala zathu zing'onozing'ono zimayenda ngati pangano lotere lidasainidwa, chidindo n'kumenyedwa.

Nthawi zotsegulira zipatalazi adaziika ndi anthu ogwira ntchito m'maofesi, poganizira anzawo a m'maofesi. Kunyanja moyo suyenda choncho. Mlovi wa ku Msaka amalowa m'madzi dzuwa likamalowa, usiku wonse ali pa chilimira, amatuluka kutacha. Mayi wa geni ya usipa amamudikira padoko, agule, athamangire kukayanika nsomba zisanaonongeke, chifukwa mpamba wake wonse uli m'beseni limenelo. Pomaliza zonsezi dzuwa lapendeka. Abereke mwana wotentha thupi, alipire kabaza, afike pachipatala buku lili m'manja, apeze zenera la mankhwala lotseka. Womulandira ndi mlonda: "Mwachedwatu mayi, adokotala aweruka. Mudzalawire mawa."

Mawa? Bungwe la WHO limanena poyera kuti malungo akapanda kuthandizidwa amatha kukula n'kupha munthu m'maola 24 okha. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Ndikukumvani bwana, mukuti wodwala mwakayakaya amalandiridwa ngakhale usiku. Amalandiridwa ndi yani? Ndi dokotala yemwe uja, mmodzi yekhayo, amene wakhala akuona mzere wosatha kuyambira m'mawa, nkhomaliro osailawa, ndiye mukufuna agogoderedwe kunyumba pakati pa usiku, adzuke akumwetulira, mawa lake alawirirenso pampando womwewo? Mutu umodzi susenza denga. Ine sindikulimbana naye dokotalayo, ndikulimbana ndi inu amene mudamusiya yekha. Nanga woweruza kuti matendawa ndi aakulu kapena ayi ndi ndani, mlonda ndi tochi yake? Adaphunzira liti za udokotala?

Mukuti apite kuchipatala chachikulu ku boma. Mudafikako ku Makanjira? Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka pa Mangochi boma, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza ulendowo umathera panjira. Mukuti apite ku mishoni. St Martin's ku Malindi, Koche ndi Mulibwanji ndi zipatala za CHAM, zimathandiza ndithu, koma thandizo lambiri kumeneko n'lolipira. Wopanda ndalama amakhotera pagolosale, kugula panado, n'kumapemphera kuti kuche msanga. Choncho chipatala chaulere chikatseka, wolipira ndi mmphawi.

Tsono pamabwera nyimbo yanu yakalekale ija, yakuti ndalama palibe. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, Malawi ali pomwepo, koma bajeti za zaka zaposachedwapa zakhala zikuperewera pa lonjezolo. Anamwino ophunzira bwino, satifiketi zili m'chikwama, ali khale kumudzi kudikira kulembedwa ntchito, pomwe boma la Mangochi lokha linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Dziko la Iceland latithandiza kumanga chipatala cha ku Monkey Bay komanso mbali ya amayi oyembekezera pachipatala chachikulu cha Mangochi. Kodi tikufuna abwerenso adzatitsegulire chitseko madzulo?

Musandiuze kuti sizingatheke. Kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ali m'gulu la maboma okanthidwa kwambiri. Masiku amenewo matenti a odwala ankagwira ntchito usana ndi usiku, antchito owonjezera adapezeka, madiripi adafika. Zidatheka chifukwa maliro adachuluka mpaka wailesi zonse zidalankhula. Mwana womwalira ndi malungo kunyumba, podikira kuti kuche, wailesi simumutchula.

Chimene tikupempha n'chochepa. Pachipatala chilichonse cha m'mbali mwa nyanja pakhale anthu okwanira kusinthana, wina m'mawa, wina masana mpaka 8 koloko usiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Woyeza magazi akhalepo, zenera la mankhwala likhale lotsegula, magetsi a sola ayake. Khonsolo ya Mangochi iyambe ndi zipatala zakutali ngati Makanjira ndi Nankumba. Ndipo inu a m'makomiti a zipatala, mafumu ndi makhansala, phungu wanu akabwera ndi mpira ndi yunifomu za timu, mulandire, kenako mumufunse kuti dokotala wachiwiri abwera liti.